Guluu wa Apongozi

Mpaka lero, ndikaona munthu pamsika akudontheza guluu pachala n'kukanikiza ndi chala chinzake kuti aone ngati ndi weniweni, thupi langa limachita tsembwe. Apongozi anga aamuna anayesa guluu mwa njira imeneyo. Ine ndinkadziwa kuti alakwitsa, koma ndinalandira guluuyo ndi manja awiri n'kuthokoza.

Zinachitika matipate atangoyamba kumene, Neno ikadali pansi pa Mwanza. Ndinali m'chaka chachinayi cha chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi Matandani. Ndisanakwatire ndinagwirapo ntchito zaka zitatu m'galaja ina ku Limbe, ndipo ndinabwerako ndi masipanala ochepa, ovololo imodzi yong'ambika pabondo, ndi dzina loti makaniko. Ndinkakonza njinga zakapalasa pansi pa mtengo wa mango ku Neno boma. Njinga zamoto zinali zowerengeka, za alangizi ndi za atchalitchi, ndipo zikadwala zinkabwera kwa ine chifukwa panalibenso wina woti n'kupitako.

Apongoziwo anali munthu wamtali, mkulu wa mpingo, wolankhula pang'onopang'ono. Anali ndi munda waukulu wa manachesi. Atapuma ntchito ya ulangizi anagula njinga yamoto yakale, ndipo tsiku la msika ankamangirira madengu awiri kumbuyo n'kutsetsereka nayo mpaka ku Lisungwi. Amene anayendapo mumsewu umenewo akudziwa mmene ulili: miyala, makona, uku phiri uku phompho. Sanali munthu wankhanza ayi, ndipo sanandikalipirepo ngakhale kamodzi. Koma pakati pa iwo ndi ine panali kamtunda kamene mwambo unaika. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatuka n'kuvula chipewa. Ndikakhala ndi mawu, ankadzera mwa mkazi wanga, mwana wawo. Amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndiye ine ndinali nditatsimikiza mtima kuti pamudzi pamenepo aziti mlamba uyu ndi wina.

Nthawi ya manachesi itayandikira, njinga ija inayamba kulira mwachilendo, ngati wina akugogoda ndi supuni m'kati mwa injini. Apongozi anatuma mkazi wanga kuti andiuze, ine n'kukaitsegula pabwalo pawo. Vuto lake linali laling'ono kuliona. Kumutu kwa injini kuli kagudumu kozunguzidwa ndi tcheni cha m'kati, ndipo kagudumuko kamagwidwa ndi timabawuti tiwiri. Pamene pamalowa kamodzi mwa timabawutito mazinga anali atadyeka, moti ukakamanga kankamasuka kokha ndi kunjenjemera kwa injini. Kukamanga mwamphamvu kwambiri kukanangomaliza mazinga otsalawo. Kabawuti kotere kakatuluka injini ikuthamanga, kamakatsamwa pakati pa zitsulo, injini n'kuuma gwa, tayala lakumbuyo n'kuima nthawi yomweyo. Pachidikha munthu amagwa n'kudzuka kudzisansa fumbi, koma pamtsetse wa ku Lisungwi sangadzuke chomwecho.

Mankhwala ake ndinkawadziwa. Ku galaja kuja tinkagwiritsa ntchito guluu wa m'kabotolo kakang'ono wopangidwira mazinga basi. Analipo wabuluu, wa malo ozizira, koma kumutu kwa injini kumatentha moti malovu amathetheka, choncho pankafunika wofiira wopirira moto. Guluu ameneyu ali ndi khalidwe lake. Ukamudontheza poyera sauma, akhoza kukhala pachala tsiku lonse ali wamadzimadzi. Amauma pokhapokha akapanikizika pakati pa zitsulo, kumene mpweya sufika, ndipo akatero alibenso nazo ntchito za moto kapena oyilo wotentha.

Sabata imeneyo apongozi anali ndi ulendo wa pabasi wokaona mlongo wawo ku Limbe. Mkamwini satuma apongozi ake, ndiye ndinalemba pakapepala mtundu wa guluuyo ndi pamene pali sitolo yake, n'kupatsa mkazi wanga kuti akawapemphe ngati ndi nkhani yake. Chinthu chimodzi chokha sindinalembe: choti guluuyo sauma pachala. Sichinandibwerere n'komwe m'mutu.

Anabwerako Lachisanu masana, ndipo anaitana anzawo awiri, akuluakulu a mpingo, kuti adzaonerere njinga ikuchira. Iwo anakhala pamipando mumthunzi, ine ndinakhala pachiguduli pafupi ndi njingayo, zitsulo nditaziyala pansi.

"Akamwini," anatero apongozi, "kapepala kanu kanatsala pang'ono kundibetsa."

Kenako anafotokoza. Masiku amenewo misewu ya m'tauni inali itadzaza ndi mavenda, aliyense ali ndi ufulu wogulitsa chimene wafuna, ndipo katundu wachinyengo anali mbwee: mabatire ofa tsiku lomwelo, sopo wosachita thovu. Munthu wanzeru ankayesa kaye chinthu asanachigule. Apongozi nawo, atalowa m'sitolo ija n'kupatsidwa kabotolo kofiira, anauza wogulitsa kuti akatsegule. Anadontheza pachala, n'kukanikiza, n'kuwerenga mpaka handiredi. Polekanitsa zala, guluu uja anali wamadzimadzi ngati madzi a chidede. Wogulitsayo anayesa kufotokoza zina, koma iwo anamuuza kuti imvi zawozi sizinamere dzulo, n'kutuluka. Panja anapeza venda ali ndi timachubu. Anayesanso, ndipo ulendo uno zala zinamatana moti anachita kuzilekanitsa ndi lezala. Anatukula dzanja kuonetsa anzawo pamene khungu linasupuka, ndipo akuluakulu aja anaseka mpaka mmodzi anapukuta misozi.

"Weniweni ndi uyu," anatero, n'kundipatsira.

Ndinayang'ana chimene anandipatsacho. Kanali kachubu ka supagulu, uja timamatira makapu ndi nsapato. Ndi guluu wamphamvu ndithu pa ntchito yake, koma m'moto wa injini, oyilo akumusambitsa, amapserera n'kuyoyoka. Ndinkadziwa zimenezi ngati mmene ndimadziwira dzina langa.

Koma ndikananena bwanji? Ndikanauza mkulu wa mpingo, pabwalo pake, pamaso pa anzake awiri amene anali asanamalize kuseka, kuti wabweza weniweni n'kugula wolakwika, ndiponso kuti nkhani yonse yokomayo inali ya kusadziwa kwake. Ndinayang'ana mkazi wanga. Anali chapatali akusenda nyemba, nayenso akumwetulira, kunyadira bambo ake osapusitsika. Ndinatsegula pakamwa ndithu, koma mawu amene anatuluka anali akuti, "Zikomo bambo, mwachita bwino."

Ndinapukuta mazinga aja, ndinapakapo supagulu, ndinamanga kabawuti mpaka pamene ndinaona kuti ndikapitiriza ndiwononga. Nditatseka injini n'kuiliza, kugogoda kuja kunali kutatheratu. Akuluakulu anawomba m'manja. Mmodzi anauza apongozi kuti mkamwini wotere asamutaye, ndipo ine, wopusa ine, ndinakondwa nawo mawuwo.

Mumtima ndinali ndi nzeru yanga. Ndinati ndiitanitsa guluu weniweni mwakachetechete, ndidzapeza chifukwa chotsegulira injini, ndidzakonza bwinobwino, ndipo palibe adzachite manyazi. M'mawa mwake ndinatuma dalaivala wina wa minibasi amene ndinkadziwana naye kuti akandigulire ku Limbe. Anazengereza masabata awiri, koma anabwera nako kabotolo kofiira kaja, kolembedwa kuti n'kopirira moto. Ndinakaika m'thumba la ovololo yanga.

Apa ndi pamene pali mlandu wanga weniweni, ndipo sindingaukankhire kwa venda kapena kwa dalaivala. Kabotolo kaja kanakhala m'thumba mwanga masabata atatu. Njinga inkayenda bwino zedi. Apongozi anapita nayo ku Lisungwi maulendo angapo, ndipo kulikonse ankasimba za wogulitsa amene anafuna kuwabera ndi madzi ofiira. Nkhaniyo inkakula tsiku ndi tsiku, ndipo ikamakula, pakamwa panga pankalemera. Ndikamva njinga ikulira kuchoka pamudzi, ndinkaima n'kumvetsera mpaka phokoso lake litazimirira. Ikabwerera madzulo ndinkapuma, n'kumadzinamiza kuti mwina supagulu wa masiku ano ndi wina.

Kamodzi kokha ndinalimba mtima. Ndinawapeza akupukuta njingayo, ndinanjuta chapatali n'kunena kuti ndimafuna ndiionenso injiniyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anafunsa ngati pali chimene chavuta. Ndinati palibe, ndimangofuna kuonako. Iwo anati ngati palibe ndiisiye, chinthu chikamayenda sachisokoneza. Ndinavomera n'kuchokapo. Mkazi wanga ndinamuuzako theka, kuti guluu uja si woyenera kwenikweni ndipo mwina njinga idzayambanso phokoso. Za tayala kuima pamtsetse sindinatchule. Iye anati bambo ake saluma, ndikawauze. Ndinati ndiwauza manachesi akatha. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine mwambiwo ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana.

Linali tsiku la msika, dzuwa litangokwera pang'ono. Ndinali ku boma ndikuwongola limu ya njinga pamene galimoto ya matola yochokera ku Lisungwi inaima pafupi ndi mtengo wanga. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini. Anati apongozi anga agwa pamtsetse, pakona yachiwiri, ndipo galimoto ina yawatenga kupita nawo kuchipatala cha ku Lisungwi. Anthu anayamba kufunsa ngati ali moyo, ngati akulankhula. Ine funso loyamba limene linatuluka pakamwa panga linali loti kodi injini inazima yokha. Onse anatembenuka kundiyang'ana, kudabwa kuti munthu uyu akufunsa za chitsulo.

Ndinapalasa njinga ya mwini wake mpaka pamalopo. Chimene ndinayamba kuona ndi mzere wautali pafumbi, wokhwekhwereza, wa tayala limene silinkazungulira. Unayambira pamwamba pa kona n'kukathera pamwala waukulu m'mbali mwa msewu. Manachesi anali atamwazika mpaka kuphompho, ena ataphwanyika. Pamwalapo panali magazi, ndipo wina anali atathirapo dothi. Anthu a pafupi anali atadzutsa njinga n'kuitsamiritsa pamtengo. Ndinaichotsa m'giya, ndinaponda kiki yolizira injini. Sinasunthe ngakhale pang'ono. Ndinapondanso ndi thupi lonse, koma zinali ngati ndikuponda chitsa. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, kabotolo kaja kakundikanikiza pantchafu.

Nditafika ku Lisungwi ndinamva kuti awatumiza kale ku Blantyre, chifukwa mwendo wakumanzere unapanikizika pakati pa njinga ndi mwala ndipo unaphwanyika kwambiri. Apongozi aakazi anatsatira kukawadwazika. Patapita masiku angapo uthenga unafika kuti moyo wapulumuka, koma mwendo adula pamwamba pa bondo. Sindinakhulupirire. Ndinauza wobweretsa uthengayo kuti abwereze, ndipo anabwereza mawu omwewo. Munthu uja wamtali, amene ankayenda m'munda mwake manja ali kumbuyo, tsopano anali ndi mwendo umodzi chifukwa cha kabawuti kochepa ngati chala cha mwana.

Njinga tinaibweretsa pangolo. Ndinaitsegula kuseri kwa nyumba yathu, ndikupempherabe kuti ndipeze china, pisitoni yosweka kapena tcheni chodukira pachokha, chilichonse chimene sichinali changa. Nditachotsa chivundikiro, kabawuti kaja kanali pomwepo, katapindika, katatsamwa pakati pa kagudumu ndi khoma la injini. M'mazinga ake munali timinyenyeswa takuda topserera. Ndinatipukuta ndi chala, n'kuyoyoka tonse.

Mkazi wanga anali ataima kumbuyo kwanga. Ndinamuonetsa kabawutiko, ndinatulutsa kabotolo kofiira m'thumba, n'kumuuza zonse, kuphatikizapo theka lija ndinabisa.

"Kabotolo aka munakapeza liti?" anafunsa.

"Masabata atatu asanagwe."

"Kanali kuti masiku onsewo?"

"M'thumba."

Anayang'ana thumbalo, osati ine. Ndinkayembekezera kuti alira kapena atukwana, ndipo zikanandipepukira akanatero. Koma anangoti, "Mukawauze nokha. Ine ndatopa kukunyamulirani mawu." Anabereka mwana n'kupita kunyumba kwa mayi ake. Sanauze munthu aliyense, ndipo nanenso sanandilankhule masiku ambiri.

Apongozi anabwerako patapita miyezi iwiri, ataonda, ali ndi ndodo ziwiri zimene anali asanazizolowere, mwendo wa buluku ataupinda n'kuubaya pini. Anthu ankabwera tsiku lililonse kudzapepesa. Ine ndinkawaza nkhuni, kutunga madzi, kukolola manachesi otsala, kugwira ntchito iliyonse imene ikanandichotsa pakhonde pawo. Ndinkati ndidikire achire kaye, munthu wodwala sapatsidwa mawu olemera. Ndinali nditayambanso matenda omwe aja ozengereza.

Kenako ndinayamba kumva zimene obwera kudzapepesawo ankanong'onezana. Ankafunsana kuti njinga yokonzedwa kumene ndi makaniko wa ku Limbe, yomatidwa ndi guluu wosupula khungu, ingaume bwanji yokha pakona. Anati pali dzanja la munthu. Zala zinayamba kuloza mkulu wina wa kutsidya kwa kamtsinje, amene anakanganapo ndi apongozi za malire a munda zaka zapitazo. Azimayi anasiya kumupatsa moni mkazi wake kuchitsime. Tsiku lina ndinamva alamu anga awiri akupangana zoti Loweruka akamusasulire denga, achoke m'dera lathu. Ndinaima chilili, nkhwangwa ili m'manja. Mkulu ameneyo anali asanakhudzepo njingayo chibadwire.

M'mawa mwake ndinapita kwa apongozi. Anali okha pakhonde, akuwotha dzuwa, ndodo zili pambali. Ndinakhala pansi chapatali monga mwa nthawi zonse, kenako ndinasendera pafupi n'kuika kabawuti kopindika ndi kabotolo kofiira pamphasa patsogolo pawo. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi. Ndinati guluu amene anabweza m'sitolo ndiye anali weniweni, ndipo sauma pachala chifukwa ndi mmene anamupangira. Ndinati amene anagula kwa venda sakanapirira moto, ndipo kabawuti kanamasuka chifukwa cha zimenezo, osati chifukwa cha munthu wa kutsidya.

Anatola kabawutiko n'kukatembenuza m'manja.

"Munadziwa liti, akamwini?"

"Tsiku lomwelo, bambo. Musanamalize kundipatsira."

"Nanga aka?" Analoza kabotolo.

"Ndinali nako m'thumba tsiku lija munandifunsa ngati pali chavuta."

Nkhuku inadutsa pakati pathu. Ndinali nditakonzeka kumva kuti ndilongedze masipanala anga ndibwerere kwathu, ndipo ndinkaona kuti n'zondiyenera. Koma zimene ananena zinandidzidzimutsa kuposa mzere uja wa pamsewu.

"Nkhope yanu ndinaiona," anatero. "Mutangogwira kachubu kaja, nkhope inasintha. Ndinadziwa kuti pali kanthu. Koma ndikanafunsa pamaso pa anzanga aja, akanati mkuluyu akuphunzitsidwa ndi mkamwini. Tsiku lija munabwera kudzati muionenso injini, ndinadziwanso. Ndinakufunsani kamodzi, munati palibe, ine mtima unakhala pansi kuti simunanene. Ulendo uliwonse ndinkatsetsereka phiri lija khutu lili kuinjini."

Ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana m'maso, koyamba m'zaka zinayi. Masabata onse aja tinali anthu awiri odziwa chinthu chimodzi, tikupatsana moni m'mawa uliwonse, wina chipewa m'manja, wina akuyankha mwaulemu. Iwo anasisita pamene panali pini paja n'kunena chapansipansi kuti, "Ulemu wathu ndi umenewu."

Sindikudziwa kuti ndinalira nthawi yaitali bwanji. Sananditonthoze ndipo sanandikalipire. Nditatonthola anafunsa ngati zinali zoona kuti anyamata akufuna kusasula denga la munthu. Ndinati inde, Loweruka. Anati ndiye tipite panopa, akamve kuchokera pakamwa pa tonse awiri, ndipo pobwerera tidzere kwa anyamatawo. Anayesa kudzuka ndi ndodo, koma njira ya kutsidya ndi yotsetsereka, yodutsa pamiyala ya mumtsinje, ndipo tonse tinaona kuti ndodo sizikafika. Anazigoneka pansi.

"Ndiberekeni," anatero.

Chikwatirire ndinali ndisanawakhudzepo ngakhale paphewa. Ndinanjuta patsogolo pawo, iwo anakoleka manja m'khosi mwanga, ndipo ndinadzuka nawo mosavuta moti ndinachita mantha. Dzanja langa lamanja linagwira kunsi kwa bondo lawo. Lamanzere linapita lokha kukafuna bondo linalo, n'kufumbata nsalu ya buluku yopanda kanthu.